Misampha imene imabweza munthu ku fodya ataleka

KATETE – Pa anthu 100 alionse amene amaleka kukoka fodya paokha, popanda mankhwala kapena uphungu wa acipatala, anthu 3 mpaka 5 cabe ndiwo amafika miyezi 6 kapena caka cathunthu osakokanso. Otsalawo amabwerera, ndipo ambiri mwa iwo amabwerera masiku 8 oyamba asanathe. Izi ndi zimene katswiri wa ku America, a John Hughes, ndi anzao anafalitsa m'caka ca 2004 atasanthula zofufuza zimene zinacitika m'mbuyomo.

Ciwerengero cimeneci cikhoza kufooketsa munthu amene akuganiza zoleka. Koma ciri ndi uthenga wina. Ngati anthu oculuka conco amagwa, ndipo amagwa pa nthawi yofanana, ndiye kuti mlandu suli pa kufooka kwa mtima wa munthu mmodzi. Kubwerera ku fodya kuli ndi nthawi zake, malo ake ndi anthu ake, ndipo zambiri mwa izi munthu akhoza kuzidziwiratu asanataye ndudu yake yomaliza.

Muno m'Zambia, kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa za Umoyo unacita mu 2017 mothandizidwa ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO anaonetsa kuti amuna 23 pa 100 alionse a zaka 18 mpaka 69 anali kukoka fodya, pamene akazi anali 2 pa 100. M'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi nkhaniyi iri ndi mbali ina imene munthu wa ku Lusaka sakumana nayo kwenikweni. Kuno fodya si wa m'sitolo cabe. Cigawo ca kum'mawa ndi cimodzi mwa zigawo zimene zimalima fodya wambiri m'dziko muno, conco woleka fodya kawirikawiri amakhala moyandikana ndi tsamba lenilenilo.

Mlungu woyamba

Msampha woyamba uli m'thupi. Mu fodya muli mankhwala ochedwa nikotini. Munthu akakoka utsi, nikotiniyo amafika ku ubongo m'masekondi 10 mpaka 20, ndipo munthu amamva kupepukidwa. Koma mankhwalawa sakhalitsa: pakapita maola awiri, theka lake limakhala litatha m'magazi. Ndico cifukwa cake wokoka fodya amayatsa ndudu ina dzuwa lisanasunthe kwenikweni. Pakapita zaka, ubongo umazolowera kugwira nchito ndi nikotini, ndipo akasowa umadandaula.

Kudandaula kumeneko ndiko timati cibaba. Cimayamba tsiku loyamba lomwelo, cimafika pacimake pa tsiku laciwiri ndi lacitatu, ndipo kwa anthu ambiri cimazirala pakatha milungu iwiri kufikira inai. Munthu amapsa mtima ndi tinthu tacabecabe, tulo sitibwera, maganizo sakhazikika pa nchito, njala imakula, ena amadzimbidwa, ndipo ena amatsokomola kuposa kale. Kutsokomolako kumaopsa ambiri, mpaka kuganiza kuti fodya ndiye anali kuwasunga. Zoona zake n'zakuti mapapo amakhala atayamba kuturutsa zonyansa zimene utsi unaunjika. Komabe cifuwa cimene capitirira milungu iwiri, makamaka ngati pali kuonda, thukuta la usiku kapena magazi m'makhololo, n'cofunika kukapimitsa ku cipatala.

Si onse amene amavutika mofanana. Katswiri wa ku Sweden, a Karl Fagerström, anakonza mafunso amene madokotala amagwiritsa nchito poyesa mmene munthu wamangikira ku nikotini, ndipo limodzi mwa mafunso olemera kwambiri ndi losavuta: mukadzuka m'mawa, pamapita nthawi yaitali bwanji musanayatse fodya? Amene amayatsa mphindi 30 zisanathe ndi womangika ndithu, ndipo amene amayatsa mphindi 5 zisanathe, asanasukusule n'komwe, ndi womangika koposa. Munthu wotere akabwerera, sikuti ndi wofooka kuposa mnzake amene analeka mosavuta. Katundu wake ndiye wolemera, ndipo ndi iye amene afunika kwambiri thandizo la acipatala.

Cimene oleka ambiri sauzidwa n'cakuti cibaba camphamvu sicikhala tsiku lonse. Cimabwera ngati kamvuluvulu, n'kuzunguza munthu kwa mphindi zowerengeka, kenaka n'kupita, kaya wakoka kapena sanakoke. Kumwa madzi, kutafuna nshawa kapena nzimbe, kuimirira n'kuyenda pang'ono: zonsezi zimaoneka zacibwana, koma nchito yake ndi kudutsitsa mphindi zimenezo basi.

Madzi saiwala khwawa

Nikotini akatha m'thupi, cizolowezi cimatsala. Munthu amene amakoka ndudu 10 pa tsiku, ndipo pa ndudu iriyonse amakoka utsi ka 10, amanyamula dzanja kupita kukamwa ka 100 pa tsiku, kumene kuli kupitirira ka 36,000 pa caka. Ubongo umamangirira kucita kumeneku ku zinthu zina za tsiku ndi tsiku: kusamba m'manja itatha nsima, kupumula pa mthunzi utatha mzere wa kupalira, kudikira basi pa Katete Stores, kukhala pa nsolo madzulo. Pakapita miyezi itatu munthu akhoza kudziona ngati wacira, koma atangokhala pa benci lakale ndi kumva fungo la utsi wa mnzake, dzanja limapita lokha m'thumba.

Pa zinthu zonse zimene zimadzutsa cizolowezi, mowa ndiwo woopsa kwambiri, cifukwa umagwira nchito ziwiri nthawi imodzi: umadzutsa cibaba, ndiponso umagoneka mphamvu yodziletsa. Cimene munthu anakana masana ali bwinobwino amacilandira usiku ali pa botolo laciwiri la kacasu kapena pa Chibuku. Kuno kwathu vutoli liri ndi nyengo yake. Kuyambira mwezi wa May kufikira September, pamene ndalama za thonje, soya, nshawa, cimanga ndi fodya zalowa m'midzi, ndi pamenenso maukwati ndi macezo amaculuka, ndipo kumapeto kwa August khamu la Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique limasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Mwambowo ulibe mlandu uliwonse. Koma munthu amene waleka fodya milungu iwiri yapitayo, n'kupita kukaceza usiku wonse ndi anzake akale amene sanaonane nao kwa caka, ayenera kudziwa kuti akulowa m'madzi akuya.

Maliro nawo ndi malo amene mabuku a kunja sachula kawirikawiri, koma aliyense wokulira kumudzi amawadziwa. Amuna amacezera panja pa moto usiku wonse, m'mwezi wa June kapena July mphepo iri kuwomba. Pali cisoni, pali kutopa, pali tulo tofunika kuthamangitsa, ndipo ndudu imodzi imayenda kucoka m'dzanja ili kupita m'dzanja lina. M'mawa mwake adzukulu ali kumanda, napo fodya sasowa. Zinthu zonse zimene zimabweza munthu ku fodya zimakumana pa malo amodzi, ndipo maliro sakanika kupitako. Cimene cingatheke ndi kusankha pokhala, kukhala pafupi ndi amene sakoka kapena ndi oimba nyimbo za chalichi, ndi kukonzeratu mau okanira.

Kukonzeratu mau kumeneko si nkhani yaing'ono, cifukwa kwathu kupatsana fodya ndi ulemu. Fodya analowa mpaka m'miyambi yathu, monga uja wonena za fodya wa pamphuno ndi wa pacala. Mkulu akakutambasulira dzanja nati, “Kokaniko, acimwene,” kukana kumaoneka ngati kunyada. Amene sanaganizirepo yankho amalandira cifukwa ca manyazi, osati cifukwa ca cibaba. Kunena mwaulemu kuti, “Zikomo, ine ndinaleka,” kumatseka nkhani msanga kuposa kunena kuti, “Ndikuyesa kuleka,” pakuti mau aciwiriwa amasiya citseko cotsegula.

Mphamvu ya anthu otizinga inayesedwapo. Mu 2008, a Nicholas Christakis ndi a James Fowler anafalitsa zimene anapeza atatsatira anthu oposa 12,000 a m'kafukufuku wa ku Framingham, ku America, kwa zaka 32. Anapeza kuti anthu amaleka fodya m'magulu. Mwamuna kapena mkazi wa munthu akaleka, mpata wakuti munthuyo apitirize kukoka unali kutsika ndi 67 pa 100. Akaleka bwenzi, unali kutsika ndi 36 pa 100. Akaleka mbale wake, ndi 25 pa 100. Framingham ndi kutali ndi Sinda, koma phunziro lake n'lomveka kulikonse: woleka fodya amene amagona nyumba imodzi kapena kulima munda umodzi ndi wokoka ali pa ngozi tsiku lirilonse.

Fodya ali pakhomo

Alangizi a za umoyo amakonda kunena kuti, tayani ndudu zonse, macesi ndi ciriconse cokukumbutsani fodya. Malangizowo ndi abwino kwa munthu wa m'tauni. Nanga mlimi wa ku Vubwi amene cigafa cake ciri kuseri kwa nyumba, codzaza ndi fodya wa bale amene ndiye sukulu ya ana ndi fetereza wa caka camawa, atayenji? Iye amathyola, kusoka, kuyanika, kusankha ndi kumanga mabelo ndi manja ake, miyezi ingapo fungo liri m'mphuno. Masamba osagulika amatsala, ndipo kukulunga fodya mu kapepala, amene ambiri amamucha balani, sikulira ngwee ngakhale imodzi. Pali amene amakhulupirira kuti fodya wa m'munda ndi wabwinoko cifukwa sanadutse ku fakitale. Si zoona. Nikotini ali m'tsamba momwemo, ndipo utsi wa tsamba lopsa uli ndi phula ndi mpweya woipa, kaya lakulungidwa ndi makina kapena ndi zala. Ndiponso nikotini amalowa pa khungu munthu akagwira masamba aawisi onyowa ndi mame, ndipo amadzetsa cizungulire ndi kusanza, cimene ciri cifukwa cina cosalolera ana kugwira nchito imeneyi.

Mlimi wotere sangathawe fodya, koma akhoza kusankha nthawi. Kuleka pakati pa nyengo yosankha fodya n'kudzisenzetsa mitolo iwiri. Mabelo akapita ku msika ndipo cigafa catsala cabe, mpata umakhalapo, malinga ngati masamba otsalira sanasungidwe pa denga “kuti alendo adzakokeko.”

Kwa amene salima, msampha ndi kantemba. Ndudu zimagulitsidwa imodzi-imodzi pa misika ndi m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, mpaka pa njira yopita ku Chanida. Munthu amene sangalimbe mtima kugula paketi yathunthu, cifukwa kugula paketi n'kuvomera kuti wabwerera, amagula imodzi ndi cenji ca sopo, n'kudziuza kuti imodzi siwerengedwa. Pangano la WHO lolimbana ndi fodya, limene Zambia inavomereza mu 2008, limapempha maiko kuti ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodzi-imodzi, makamaka pofuna kuteteza ana. Caka comweco boma linakhazikitsa lamulo la nambala 39 loletsa kukoka fodya pa malo opezeka anthu ambiri. Malamulo otere amathandiza woleka, cifukwa amacepetsa utsi umene amakumana nao m'basi ndi m'maofesi. Koma palibe wapolisi amene adzaimirira pa moto wa pa maliro.

Ena amaleka ndudu n'kuyamba fodya wa m'mphuno kapena woika m'kamwa, amene ambiri amamucha nsunko, poganiza kuti apulumuka. Utsi wacokadi, koma nikotini akali m'magazi, ndipo unyolo sunaduke.

Mtima ukawawa

Ca m'ma 1980, a Alan Marlatt ndi a Judith Gordon a pa yunivesite ya Washington anafunsa anthu amene anabwerera ku fodya, mowa ndi mankhwala ozunguza ubongo kuti afotokoze zimene zinacitika pa tsiku limene anagwa. Pafupifupi atatu mwa anai alionse anachula cimodzi mwa zinthu zitatu: kukakamizidwa ndi anzao, kukangana ndi munthu, kapena kuwawidwa mtima, monga mkwiyo, nkhawa, cisoni ndi kusungulumwa. Cacikulu pa zitatuzi cinali kuwawidwa mtima.

Zodetsa nkhawa kuno sizisowa: ngongole ya fetereza, ndalama za mbewu zimene zacedwa, matenda a mwana, mvula yodula pakati monga inacitira m'nyengo ya 2023 ndi 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Wokoka fodya amakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndudu imatonthoza. Koma cimene nduduyo imatonthoza kwenikweni ndi nkhawa imene kusowa kwa nikotini kwabweretsa, ndipo pakapita ola limodzi kapena awiri nkhawayo imabweranso. Mu 2014, magazini ya madokotala ya BMJ inafalitsa zotsatira za zofufuza 26 zimene zinaonetsa kuti anthu amene analeka fodya anali ndi nkhawa ndi kukhumudwa kocepa pambuyo pake poyerekeza ndi amene anapitiriza. Cobvuta n'cakuti phindu limeneli limabwera patapita milungu, pamene ndudu imayankha m'masekondi. Amene ali kale ndi matenda a maganizo kapena amamwa mowa mwaucidakwa amabwerera kawirikawiri kuposa ena, ndipo ayenera kuuza adokotala asanaleke.

Palinso njala. Nikotini amapha cilakolako ca cakudya, ndipo m'miyezi ya January ndi February, pamene nkhokwe zapepuka koma nchito ya kumunda yakula, pali amuna amene amalima mmawa wonse ndi fodya m'malo mwa phala. Woleka pa nyengo imeneyi amamva njala kawiri. M'maiko olemera anthu amabwerera ku fodya poopa kunenepa, pakuti oleka amaonjezera makilogalamu 4 kapena 5 m'caka coyamba. Kumidzi yathu mantha amenewo ndi ocepa. Funso ndi lakuti cakudya coonjezeraco cicokera kuti.

Msampha wina, wodabwitsa, ndi kucira. Munthu akagonekedwa pa cipatala ca St Francis ku Katete ndi cifuwa cacikulu ca TB kapena matenda a mtima, amaleka fodya tsiku lomwelo, cifukwa mantha ndi aakulu ndipo m'wodi simukokedwa fodya. Akamwa mankhwala kwa miyezi iwiri kapena itatu, thupi limabwerera, mantha amatha, ndipo fodya amabwerera nao kumudzi. Apa ngozi ndi yaikulu, pakuti kukoka fodya kumaonjezera mpata wakuti TB ibwererenso ngakhale munthu atamaliza mankhwala onse a miyezi 6. Abale amene amasamalira wodwala pa mphasa amamasuka iye akaimirira, pamene nthawi yomuyang'anira pa nkhani ya fodya ndi yomweyo.

Ndudu imodzi ija

Misampha yonseyi imathera pa cinthu cimodzi: ndudu yoyamba. Zofufuza zimaonetsa kuti ambiri mwa amene amakokako ngakhale kamodzi ataleka amabwereratu ku cizolowezi cao cakale. Mbali ina ndi ya thupi, cifukwa ubongo umakumbuka msanga. Koma a Marlatt anaona kuti mbali yaikulu iri pa zimene munthu amadziuza nduduyo itatha. Amene amati, “Basi, ndalephera, ine sindingathe,” amagula yaciwiri tsiku lomwelo, popeza m'maganizo mwake palibenso coteteza. Amene amati, “Ndaterereka cifukwa ndinamwa mowa pa ukwati uja,” wapeza dzina la msampha wake, ndipo akhoza kulekanso m'mawa mwake. Apa a m'banja ali ndi mphamvu yaikulu. Mkazi kapena mwana amene amaseka nati, “Tinadziwa kale kuti simungathe,” amathandiza fodya osadziwa.

Kuyesa kangapo si cacilendo. Kafukufuku wa ku Ontario, m'dziko la Canada, amene anafalitsidwa mu 2016, anayerekeza kuti wokoka fodya akhoza kuyesa ngakhale ka 30 asanalekeretu. Ambiri mwa amene lero timawadziwa kuti analeka kalekale anadutsa njira yomweyo.

Thandizo la mankhwala liripo pa dziko lapansi. Mankhwala olowa m'malo mwa nikotini, monga omata pa khungu ndi otafuna, amaonjezera mpata wolekeratu ndi 50 kufikira 60 pa 100, ndipo WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2009. Mu 2021 inaonjezerapo varenicline ndi bupropion, ndipo mu July 2024 inaturutsa malangizo ake oyamba a kathandizidwe ka akulu ofuna kuleka fodya, amene amati mankhwala pamodzi ndi uphungu amagwira nchito bwino kuposa cimodzi pacokha. Mankhwalawa si a pa kantemba, ndipo ena amafuna kalata ya dokotala. Koma malangizo omwewo amati ngakhale uphungu wa mphindi zocepa kucokera kwa wa zaumoyo umathandiza, conco n'koyenera kuchula nkhani ya fodya kwa anamwino a pa kiliniki yapafupi, kaya mwapita kukatenga mankhwala a TB, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV.

Malinga ndi WHO, pakatha maola 12 munthu ataleka, mpweya woipa wa mu utsi umatsika m'magazi kufika pa mlingo woyenera, ndipo pakatha caka ngozi ya matenda a mtima imatsika kufika pafupifupi theka la ya wokoka. Woleka ali ndi zaka 30 amaonjezera pafupifupi zaka 10 pa moyo wake, wa zaka 40 amaonjezera 9, wa zaka 50 amaonjezera 6, ndipo ngakhale wa zaka 60 amaonjezera zaka 3.